Durban, Cape Town, Gqeberha kapena Maputo: kokaonera nyanja ya mchere ngati mukukhala ku Joni ndipo muli ndi masiku atatu okha

Ambiri a ife amene tikugwira ntchito ku Joni timatha zaka osaiona nyanja ya mchere, chonsecho dziko tikukhalali lazunguliridwa ndi madzi kumadzulo, kummwera ndi kummawa komwe. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Tchuthi chachitali cha Disembala chimathera pamsewu wopita kumudzi, ndipo kandalama kotsala kamapita ku fizi ndi feteleza. Komabe masiku atatu kapena anayi amapezeka ndithu: pa Pasaka, kapena holide ya pa 27 Epulo, 1 Meyi, 9 Ogasiti kapena 24 Seputembala ikagundana ndi mapeto a sabata. Lamulo la kuno limati holide ikagwa Lamulungu, Lolemba lake anthu sapita kuntchito. Mpata wake ndi umenewo.

Zoyenera kuyeza musanagule tikiti

Choyamba ndi maola a pamsewu. Pamasiku atatu, ulendo wa maola 18 kupita, 18 kubwera, watha kale theka la tchuthi muli chikhalire pampando wa basi. Anthu ambiri amayamba n'kufunsa mtengo wa tikiti, koma funso loyamba likhale lakuti: ndikachotsera ulendo, nditsala ndi mmawa ungati m'mphepete mwa nyanja?

Chachiwiri ndi mapepala. Mizinda itatu mwa inayiyi ili m'kati mwa South Africa, moti simudutsa chipata cha dziko, ngakhale kuti pokwera ndege amafuna pasipoti ndipo apolisi apamsewu amatha kuimitsa basi n'kufunsa aliyense. Maputo ndi nkhani ina, ndipo tifikako.

Chachitatu, dzifunseni moona mtima ngati mukufuna kulowa m'madzi kapena kuyenda n'kumaona malo. Mzinda wokongola koposa pa inayiyi, Cape Town, ndi womwe madzi a magombe ake ambiri saloweka.

Chachinayi ndi nyengo, chifukwa gombe la dziko lino lilibe nyengo imodzi. Juni ndi Julayi ku Durban kumakhala kadzuwa kabwino, pomwe ku Cape Town imeneyo ndiye nthawi ya mvula ndi chisanu.

Ndalama ziyikeni m'matumba anayi: ya ulendo, ya pogona, ya chakudya ndi kuyenda mumzinda, ndi yolowera malo. Pathumba lomalizali pali chinthu chimene abale ambiri sachidziwa. Malo oyendetsedwa ndi SANParks, bungwe la boma loyang'anira nkhalango zotetezedwa, ali ndi mitengo itatu: wa nzika ndi okhazikika mu South Africa, wa anthu a maiko a SADC, ndi wa alendo ochokera kwina konse. Mmalawi, Mzambia kapena Mzimbabwe akaonetsa pasipoti amalipira mtengo wapakatiwo. Mukaisiya m'chikwama kuchipinda, akulipiritsani ngati mlendo wochokera ku Germany.

Durban

*Mtengo.* Apa ndiye posaboola m'thumba. Mtunda ndi makilomita pafupifupi 570 pamsewu wa N3, ndipo mabasi ochoka pa Park Station ndi ambiri, monga Intercape, City to City ndi Greyhound, moti amalimbirana okwera. Pagalimoto yanu werengeraninso zipata zolipira zisanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi ndi Mariannhill. Mukakhala anayi n'kugawana mafuta, zimapepuka. Ndege imatenga ola limodzi, koma bwalo la King Shaka lili makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda, ndiye galimoto yokufikitsani kugombe imadyanso yake. Pogona pamatsika mtengo ku South Beach, pamakwerako ku North Beach, ndipo ku Umhlanga ndi kwa olemera m'thumba.

*Kapezekedwe.* Basi ya usiku wa Lachisanu imakufikitsani Loweruka kukucha, mutayenda maola 7 kapena 8, ndiye palibe tsiku lotayika. Madzi amakhala ofunda, pamwamba pa madigiri 20 chaka chonse, moti mutha kupita mwezi uliwonse. Masiku oti muwapewe ngati simukonda chipwirikiti ndi kuyambira pa 16 Disembala mpaka pa 2 Januwale, pamene Gauteng yense amakhuthukira kumeneko, komanso Loweruka loyamba la Julayi pomwe mpikisano wa mahatchi wa Durban July umadzaza mahotela.

*Za tsiku ndi tsiku.* Ubwino wa Durban ndi wakuti zambiri zili pamzere umodzi, ndipo miyendo ndi yokwanira. Kanjira ka oyenda pansi ka m'mphepete mwa nyanja kamayambira ku uShaka Marine World n'kudutsa Golden Mile mpaka kufupi ndi bwalo la mpira la Moses Mabhida, lomwe linamangidwira mpikisano wa dziko lonse wa 2010. Simulipira kanthu. Munda wa zomera wa Durban Botanic Gardens, umene unayamba mu 1849, nawonso ndi wolowa ulere. Cholipira chachikulu ndi uShaka, komwe ana amaona nsomba zikuluzikulu kuseri kwa galasi n'kumatsetsereka m'madzi tsiku lonse. Chakudya sichivuta. Bunny chow, buledi wogoba m'kati n'kuthiramo kare ya nyemba kapena ya nkhosa, imakhutitsa munthu wamkulu pamtengo wochepa, kungoti tsabola wake sanyengerera. Kwa abale athu Achisilamu, mzinda uno ndi wosavuta kuposa yonse pankhani ya chakudya cha halaal, ndipo mzikiti wakale wa Juma Masjid uli pafupi ndi msika wa Victoria Street, komwe amagulitsa zokometsera ndiwo. Mukabwereka nyumba yokhala ndi khitchini, kathumba ka ufa kochokera m'sitolo yapafupi kamatsitsa ndalama ya chakudya kwambiri.

*Zoopsa.* Chiyambire madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anaononga mapaipi a zonyansa, khonsolo ya eThekwini yakhala ikutseka magombe ena nthawi ndi nthawi madzi akapezeka ndi tizilombo. Gombe lotseguka lero litha kutsekedwa sabata yamawa, makamaka kukagwa chimvula, choncho funsani opulumutsa anthu musanalowetse ana. Ndipo amene munaphunzirira kusambira ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay musadzikhulupirire: kuno madzi amene mafunde aponya pagombe amabwerera m'kati ndi mphamvu, n'kumukoka munthu ali chiimire m'madzi olekeza m'chiuno. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu basi. Kukada, misewu ya kuseri kwa South Beach ndi dera la Point si koyenda foni ili m'manja. Sitingabisenso kuti ziwawa zothamangitsa anthu obwera zinachitika ku Durban mu 2015 ndi mu 2019, ndipo Amalawi ambiri anathawa m'nyumba zawo. Zinachitikira m'madera okhala anthu, osati kugombe la alendo, komabe n'kwanzeru kufunsa abale okhala kumeneko mmene zinthu zilili sabata yomwe mukunyamuka.

Cape Town

*Mtengo.* Mzinda uno ndi wodula, ndipo kudulako kuli paliponse. Mtunda ndi makilomita pafupifupi 1,400 pa N1. Basi imatenga maola 18 kapena kupitirira, ndiye pamasiku atatu musaiganizire n'komwe. Chotsala ndi ndege ya maola awiri, ndipo mtengo wake umadalira tsiku lomwe mwagula. FlySafair, LIFT ndi Airlink amauluka njira imeneyi kangapo patsiku. Tikiti yogula miyezi iwiri isanakwane nthawi, yonyamuka pakati pa sabata, ndi ina, yogula dzulo la Pasaka ndi inanso. Onetsetsani ngati tikiti yotchipayo ikuphatikiza chikwama chachikulu, chifukwa nthawi zambiri amachilipiritsa padera. Pogona ku Camps Bay kapena pafupi ndi V&A Waterfront amaika mitengo poganizira alendo obwera ndi mapaundi ndi mayuro. Ku Observatory, Woodstock kapena Muizenberg kumapepukako. Pamwamba pa zonsezi, pafupifupi chilichonse chomwe anthu amapitira ku Cape Town chili ndi tikiti yake.

*Kapezekedwe.* Apa mpamene anthu amagwira fuwa la moto. Zinthu ziwiri zomwe aliyense amazifuna, kukwera phiri la Table Mountain pachingwe ndi kuoloka kupita ku Robben Island, zonse zimadalira mphepo. Chikwepe cha pachingwe, chomwe chinayamba kunyamula anthu mu 1929, chimaima mphepo ikakula, komanso chimatsekedwa kwa kanthawi m'nyengo yachisanu kuti achikonze. Boti la ku Robben Island, komwe Nelson Mandela anakhala zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, limanyamukira pa Waterfront, ndipo nyanja ikakwiya ulendo amaulepheretsa. Ulendowo umatenga pafupifupi maola anayi, ndipo m'chilimwe matikiti amatha masiku angapo nthawi isanafike. Nzeru yake ndi iyi: sungitsani Robben Island tsiku loyamba kuti likakanika mukhale ndi mawa, ndipo mukadzuka n'kuona phiri lilibe mtambo, siyani zonse mukwere pompo. Miyezi yomwe ine ndingasankhe ndi Malichi ndi Epulo, mphepo ya kummwera chakummawa itachepa, mvula isanayambe, alendo a Disembala atapita.

*Za tsiku ndi tsiku.* Malo ake ndi otalikirana. Kuchokera pakati pa mzinda kukafika ku Cape Point ndi makilomita oposa 60, ndipo popanda galimoto yobwereka kapena ulendo wolipira wa pagulu simukafikako. Mabasi a MyCiTi amathandiza pakati pa mzinda, Sea Point ndi Camps Bay, koma salandira ndalama m'manja, muyenera kugula kakhadi kake n'kuikamo ndalama. Basi yofiira ya City Sightseeing imaoneka ngati yodula, koma pa tsiku limodzi imakupulumutsani ku Uber wambiri. Sitima ya Metrorail yopita ku Fish Hoek ndi yotchipa kwambiri, ndipo kuyambira ku Muizenberg imayenda mafunde akuomba pafupi ndi njanji. Ikwereni masana. Ku Boulders Beach, komwe kuli mbalame zosauluka zija za penguin, ndi ku Cape Point, ndi kumene pasipoti ija imagwira ntchito, chifukwa onsewa ndi malo a SANParks. Za ulere ziliponso: nyumba zamitundumitundu za ku Bo-Kaap, munda wa Company's Garden, kanjira ka ku Sea Point dzuwa likamalowa, ndi Signal Hill komwe mzinga umalira 12 koloko masana. Amene ali ndi mawondo olimba atha kukwera Table Mountain wapansi kudzera ku Platteklip Gorge, maola awiri kapena atatu, osalipira. Amalawi ndi ambiri ku Cape Town, m'minda ya maluwa, m'malesitilanti, ku Hout Bay, ku Masiphumelele. Ngati muli ndi m'bale kumeneko ndalama ya pogona yapulumuka, komabe werengerani kuti iye adzuka kupita kuntchito, ndipo kuchokera kwawoko kukafika mtauni ndi ulendo wakewake.

*Zoopsa.* Madzi a mbali ya Atlantic, ku Clifton ndi Camps Bay, ndi ozizira moti mapazi amachita dzanzi pamphindi zochepa, ngakhale mu Januwale dzuwa likuswa mtengo. Pazithunzi zonse zija za mchenga woyera, taonani bwino, anthu ali kumtunda. Woti asambe apite ku Muizenberg kapena ku Fish Hoek, mbali ya False Bay, komwe madzi ndi ofundako. M'tinjira ta m'phiri mumachitika zauchifwamba, ndiye musakwere nokha, ndipo tengani chovala chofunda chifukwa mtambo ukatsika pamwamba pamazizira mwadzidzidzi. Ngati mwabwereka galimoto pabwalo la ndege, khalani pamsewu waukulu wa N2 ndipo musalole foni kukudutsitsani njira zachidule m'madera omwe simukuwadziwa.

Gqeberha

Ambiri timautchulabe Port Elizabeth kapena PE, ngakhale dzina linasintha mu 2021.

*Mtengo.* Uli pakatikati. Mtunda ndi makilomita oposa 1,000, ndiye ndege, ya ola limodzi ndi theka kapena kupitirirako pang'ono, ndiyo yoyenera. Pogona ku Summerstrand ndi Humewood ndi potsika poyerekeza ndi Cape Town, ndipo bwalo la ndege lili mphindi zochepa kuchokera kugombe, moti simuononga zambiri pofika.

*Kapezekedwe.* Ndege zake ndi zochepa kusiyana ndi za mizinda iwiri ija, choncho gulani msanga. Koma malo ogona savuta kupeza, ndipo magombe a Hobie ndi King's Beach sadzaza ngati a ku Durban.

*Za tsiku ndi tsiku.* Mumzinda weniweniwo zoona zimatha tsiku limodzi: gombe, mlatho wolowa m'nyanja wa Shark Rock Pier, ndi Donkin Reserve komwe kuli kachipilala kamiyala ka mu 1820 pafupi ndi nsanja younikira zombo. Chokokera anthu kumeneko ndi Addo Elephant National Park, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, nkhalango yomwe inakhazikitsidwa mu 1931 ndipo lero ili ndi njovu zoposa 600. Nayonso ndi ya SANParks, komanso kulibe malungo. Koma popanda galimoto simungaisangalale.

*Zoopsa.* Mphepo. Sanaupatse chabe dzina loti mzinda wa mphepo, ndipo tsiku lina mchenga umakuthamangitsani pagombe nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Dera lakale la Central, komwe kuli Donkin, pitaniko masana ndipo musapite nokha.

Maputo

*Mtengo.* Pa mtunda, Maputo ali ngati Durban: makilomita pafupifupi 550 pamsewu wa N4, kudutsa Mbombela mpaka pachipata cha Lebombo, chomwe tsidya linalo amachitcha Ressano Garcia. Basi si yodula. Chodabwitsa ndi pogona, chifukwa mahotela abwino ku Maputo amadula kuposa mmene ambiri amaganizira, ndipo malo apakatikati ndi ochepa. Ndalama yake ndi metical. Ena amalandira randi, koma amawerengera mokomera iwo.

*Kapezekedwe.* Wokhala ndi pasipoti ya Malawi safuna viza paulendo waufupi wotere. Nthawi ya pamsewu imadalira mzere wa pachipata: tsiku wamba mumadutsa mosavuta, koma pa Pasaka ndi Disembala, pomwe anzathu a ku Mozambique ogwira ntchito kuno akupita kwawo, mutha kuimapo maola ambiri.

*Za tsiku ndi tsiku.* Kwa munthu amene akufuna kumva kuti wachokadi mu South Africa, palibe wofanana ndi Maputo. Chilankhulo ndi Chipwitikizi, ndipo Chingerezi chimathera pakhomo la hotela. Siteshoni ya sitima ya CFM ndi imodzi mwa nyumba zokongola koposa mumzindawu. Pali linga lakale la Fortaleza, nyumba yachitsulo ya Casa de Ferro, chiboliboli cha Samora Machel pa Praça da Independência, ndi mlatho wa Maputo–Katembe womwe unatsegulidwa mu 2018. Zambiri mwa izi mumazizungulira wapansi tsiku limodzi. Kumsika wa nsomba, Mercado do Peixe, mumagula nsomba kapena nkhanu zanu n'kukapereka kwa ophika pambali pake. Gwirizanani mtengo wophikira nsombayo isanafike pamoto. Poyenda pali timinibasi totchedwa chapa ndi tinjinga tamoto tamiyendo itatu ta txopela. Madzi a mumzindamo si osambira, amakhala a matope chifukwa cha mitsinje yothira m'dokomo. Gombe loyera lili kuchilumba cha Inhaca kapena ku Ponta do Ouro, ndipo kumeneko kumafuna tsiku lina lapadera.

*Zoopsa.* Chachikulu chili pachipata, mbali ya South Africa. Potuluka amayang'ana masiku a m'pasipoti. Malamulo a mu 2014 amati wopitiriza masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Tanthauzo lake n'lakuti munthu atha kupita kokadya nsomba Loweruka, Lolemba n'kupezeka ali tsidya lina, ntchito, katundu ndi ana zili ku Joni. Amene ali ndi chipepala chopempha chitetezo ngati wothawa kwawo asayerekeze n'komwe, chifukwa kutuluka m'dziko popanda chilolezo kumachithetsa mphamvu. Ku Maputo kwenikweniko apolisi amakonda kufunsa pasipoti mumsewu, ndiye muziyenda nayo. Malungo aliko, ndipo thupi lomwe lakhala zaka ku Joni, komwe kulibe malungo, silikhalanso ndi chitetezo chomwe linali nacho kumudzi. Mukamva kutentha thupi mutabwerako, uzani adokotala komwe munapita. Pagalimoto yanu pamafunika mapepala ake onse, kalata ya mwini wake kapena ya banki ngati ili pangongole, ndi inshuwalansi ya ku Mozambique. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho zinatseketsa chipata cha Lebombo kangapo, ndiye nkhani za ndale za kumeneko muzizitsatira musanalipire kalikonse.

Ndiye ndani apite kuti

Ngati muli ndi mapeto a sabata okha, ndalama ndi yoyeza, kapena mukutenga ana omwe akufuna kunyowa, pitani ku Durban. Kwerani basi ya usiku, pezani nyumba yokhala ndi khitchini ku North Beach, ndipo mufunse za madzi mukafika. Ndi komwenso ndingatumize munthu amene tchuthi chake chagwa mu Juni kapena Julayi.

Cape Town isungireni nthawi yomwe muli ndi masiku anayi athunthu ndi ndalama ya ndege yogula kale. Ndi ya awiri, bambo ndi mayi akunyumba, kapena ya makolo amene abwera kuchokera kumudzi kudzakuonani ndipo mukufuna akaone chipinda chomwe Mandela anagonamo. Yopita ndi ana aang'ono anayi pa malipiro a mwezi umodzi ayi.

Gqeberha ikuyenera munthu amene ali ndi laisensi, angathe kubwereka galimoto, watopa ndi phokoso la Joni, ndipo akufuna kuti ana obadwira kuno aone njovu ndi nyanja paulendo umodzi.

Maputo ndi ya amene chilolezo chake chogwirira ntchito kapena chokhalira chili ndi miyezi yambiri isanathe, amakonda kudya bwino ndi kuyenda wapansi m'misewu yakale, ndipo sakudandaula zosambira. Ngati pasipoti yanu ili ndi kachikaiko ngakhale kakang'ono, tembenukirani ku N3.